Zumbani ndi mankhwala ena apakhomo a chimfine ku Warren Park

HARARE – M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, mabanja ambiri a ku Warren Park, dera lokhala anthu ochuluka kumadzulo kwa mzinda wa Harare m'dziko la Zimbabwe, amayamba adzithandiza okha pakhomo akagwidwa ndi chimfine kapena zilonda zapakhosi. Mankhwala oterewa amachepetsa ululu, koma sapha tizilombo toyambitsa matendawa. Chimfine chimadza ndi mavairasi a mitundu yoposa 200, ndipo kawirikawiri chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10.

Wotchuka kwambiri ndi zumbani, chitsamba cha masamba onunkhira ngati ndimu chomwe akatswiri a zomera amachitcha Lippia javanica. Masamba ake amawiritsidwa nkumwedwa ngati tiyi, nthawi zina pamodzi ndi ndimu, jinja, adyo kapena masamba a gwafa. Ena amathira masambawo ndi a bulugamu m'madzi otentha nkudzifukiza atafunda bulangete, zomwe m'Chishona amati kunatira. Zumbani adagulidwa kwambiri mu Harare kumayambiriro kwa chaka cha 2021 pamene mliri wa Covid-19 udakula, ngakhale palibe umboni woti amachiza matendawo.

Mankhwala ena ndi ochokera ku Ayurveda, kachiritsidwe kakalekale ka ku India, kwawo kwa makolo a anthu ambiri okhala ku Belvedere, pafupi ndi Warren Park. Pa kachiritsidweka, wodwala amamwa mkaka wofunda wothira turmeric, kapena jinja wosakaniza ndi uchi. Kuchukucha pakhosi ndi madzi ofunda othira theka la sipuni yaing'ono ya mchere kumathandizanso.

Koma mankhwala azitsamba ali ndi zoopsa zake. Zumbani amafanana ndi Lantana camara, chitsamba chapoizoni. Uchi suyenera kupatsidwa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi chifukwa ungamudwalitse matenda ofoola thupi a botulism. Madzi ofukizira amawotcha, makamaka ana. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2004 adapeza mtovu, mercury kapena arsenic m'mankhwala 14 mwa mankhwala 70 a Ayurveda ogulidwa ku Boston m'dziko la America. Ku Zimbabwe, mankhwala azitsamba ogulitsidwa m'mapaketi amayang'aniridwa ndi bungwe la Medicines Control Authority of Zimbabwe potsatira malamulo a mu 2015.

Wodwala ayenera kupita kuchipatala ngati akubanika, akulephera kumeza, kapena ngati thupi latentha kwa masiku oposa atatu. Chifuwa chofika milungu iwiri chimafunika kuyezetsa TB. Kwa mwana, zilonda zapakhosi zodza ndi kutentha thupi popanda chimfine zikhoza kukhala za mabakiteriya a streptococcus, ndipo akapanda kulandira mankhwala monga penisilini, mtima wake ukhoza kuwonongeka kwa moyo wake wonse.