Mwana wa Masana ndi Mwana Wogona Pakhomo

Ku Mandimba, ku Ngauma ndi ku Cuamba mai salera mwana yekha. Kuyambira kale pali njira ziwiri zolerera mwana wa mnzako. Yoyamba ndi iyi: mai amabwera m'mawa, nakusiyira mwana, napita kumunda. Dzuwa likapendeka amabwera kudzamtenga. Ameneyu timuche mwana wa masana. Njira yaciwiri ndi yolemera. Mwana amabwera ndi kamtolo kake ka nsaru, nakhala. Amadya m'mbale yako, amagona pamphasa yako, ndipo akatentha thupi usiku wodzuka ndiwe. Ameneyu ndiye mwana wogona pakhomo.

Masiku a makolo athu kulera mwana wa masana sikunali nchito yolipidwa. Anyanja, Ayao ndi Alomwe onse amatsata mtundu wa kucikazi. Mwamuna akakwatira amakamanga nyumba kwao kwa mkazi. Cotero mkazi amakhala pafupi ndi amake ndi abale ake akazi. Mwana anali ndi mai wamkulu, mai wamng'ono ndi agogo, onse pabwalo limodzi. Agogo amene analeka kupita kuminda yakutali ndiwo amatsala ndi tiana. Panalinso mlezi, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu, kamene kamabereka khanda kufikira amake atabwera kudzaliyamwitsa.

Mwana wogona pakhomo analiponso, koma sanali kupita kutali. Mai akatenga pakati pena, mwana woletsedwa kuyamwa amakagona kunyumba ya agogo. Mai akamwalira, mwini mbumba, ndiye malume wa anawo, amakhala pansi ndi abale nagawa ana amasiye. Mwanayo amasintha nyumba, koma mudzi, citsime ndi anzake osewera nao zinali zomwezo.

Atsamunda ndiwo anasokoneza zimenezi. Kufikira caka ca 1929 dziko lathu lino linali m'manja mwa kampani yochedwa Companhia do Niassa. Kampaniyo inali kukhometsa msonkho wa nyumba ndi kugwira amuna cibalo. Boma la Apwitikizi litatenga dziko m'manja mwa kampani, msonkho ndi cibalo sizinathe. Amuna ambiri anaoloka malire kunka ku Nyasaland, kuminda ya tiyi ya ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena anafika ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni. Midzi inatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba.

Kenaka kunadza thonje. Kuyambira 1938 boma linalimbitsa lamulo lokakamiza anthu kulima thonje, ndipo dera la Cuamba linali limodzi la madera a thonje ambiri. Apwitikizi pambuyo pake anaucha mzindawo Nova Freixo. Kapitawo amayeza munda ndi cingwe. Kawirikawiri minda imeneyi inali m'mbali mwa mseu, kuti oyang'anira aione msanga, osati pafupi ndi mudzi. Thonje limafuna kupalira kangapo, nthawi yomweyo imene cimanga ndi mapira zifunanso khasu. Amene munda wake unamera udzu amamenyedwa mbalamatodya m'manja.

Taganizani za mai wa mwana woyamwa masiku amenewo. Mwamuna ali ku Nyasaland. Munda wa thonje uli kutali. Akanyamula mwana, amgoneka pansi pa mtengo, dzuwa ndi nyerere zili pomwepo. Akamsiya kumudzi, adzamuyamwitsa ndani? Agogo amene kale amatsala pakhomo tsopano anali kulima munda wa cakudya, cifukwa mwana wao ali kuthonje. Nchito yonse inagwera mlezi, ndipo alezi anayamba kucepa msinkhu. Mwana wa masana anasanduka mwana wa kuyambira mbandakuca kufikira mdima. Lamulo la thonje lokakamiza linathetsedwa mu 1961.

M'zaka zomwezo kunaoneka cinthu cacilendo: mwana kugona pamalo pamene palibe mbale wake. Ansembe a Consolata anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo mu 1928 anamanga mishoni ku Massangulo, m'dera la Ngauma. Kumeneko kunali sukulu yogonera komweko ndi nyumba zophunziriramo nchito zamanja. Makolo ena anapereka ana ao. Ena, makamaka m'midzi ya Asilamu, anakana, poopa kuti mwana wodya ndi kugona kwa ansembe adzasiya cipembedzo ca makolo ake. Anali kudziwa kuti womdyetsa mwana usiku ndi usana ndiye amene amamuumba.

Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 Sepitembala 1964, ndipo Niassa inali limodzi la madera oyamba kumenyedwa nkhondo. M'madera ambiri asilikali a Apwitikizi anasonkhanitsa anthu m'midzi yolondedwa, imene amaicha aldeamento. Mabanja anagawika. Ena anathawira ku Malawi, ena ku Tanzania, ena kuthengo. Ana amene makolo ao anafa kapena anali kunkhondo anacuruka kuposa mmene mbumba ikanathera kuwalera. Josina Machel, mmodzi wa akazi ankhondo a Frelimo, anagwira nchito yosamalira ana otere, ndipo ku Tunduru, m'dziko la Tanzania, kunali nyumba yolereramo ana. Iye anamwalira pa 7 Epulo 1971. Ndico cifukwa cake 7 Epulo ndi tsiku la akazi a Moçambique.

Ufulu utabwera pa 25 Juni 1975, boma latsopano linati mkazi agwire nchito pamodzi ndi mwamuna m'munda wa onse, ndi kuti aphunzire kuwerenga. Bungwe la amai la OMM, limene linayamba mu 1973, linalimbikitsa kuti m'midzi yatsopano ndi m'makooperativa mukhale malo osungirako ana masana. Maganizo anali abwino: amai awiri kapena atatu atsale ndi ana a onse, enawo alime. Koma phala la anawo limafuna ufa, ndipo wolera amafuna gawo lake pa zokolola monga wolima. Pamene zimenezi sizinakonzedwe, amai anabwerera kwa agogo ndi kwa mlezi.

Mu 1983 boma linacotsa anthu m'mizinda monga Maputo ndi Beira, amene linawayesa opanda nchito, ndi kuwatumiza kuno ku Niassa. Ambiri anasiya ana ao kumeneko m'manja mwa abale ndi anansi. Nkhondo ya Renamo ndi boma inafikanso kuno. Anthu a ku Mandimba ndi ku Ngauma anaolokera ku Chiponde ndi m'midzi ina ya m'boma la Mangochi. Panthawi ina dziko la Malawi linasunga othawa nkhondo a ku Moçambique pafupifupi 1,000,000. Pothawa usiku mwana amatsata munthu aliyense amene ali patsogolo pake. Amai ambiri anafika kutsidya ndi mwana amene sanali kumdziwa dzina la atate wake, namlera pa cakudya cocepa ca othawa nkhondo.

Apa boma linasankha njira imene ine ndiiyesa yanzeru. Silinafune kudzaza ana m'nyumba za ana amasiye. Linati mwana akhale m'banja, ngakhale la eni, pamene abale ake akufunidwa. Anchito a boma ndi a mabungwe monga Save the Children amajambula anawo ndi kuonetsa zithunzi zao m'midzi ndi m'misasa. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ana ambiri anabwerera kwao. Ena anapeza abale, koma analira posiyana ndi mai wowalera. Matenda a Edzi atafalikira m'zaka zotsatira, agogo analandiranso adzukulu ogona pakhomo, nthawi zina anai kapena asanu.

Lero ku Cuamba ndi ku Mandimba kuli amai olera ana a anzao ndi kulandira ndalama. Owasiyira ana ndi aphunzitsi, anamwino, ogulitsa pamsika, ndi alimi a fodya nyengo yothyola ndi kusoka. Mai wotere ayenera kusankha. Mwana wa masana amabwera ndi ufa wake kapena ndalama yake, ndipo madzulo pakhomo pamakhala phee. Koma ndalama yake njosadalirika. Sukulu zikatsekera, mphunzitsi amakhala ndi mwana wake. Fodya akagulitsidwa, mlimi sabweranso. Wina amabweretsa mwana masiku awiri pa sabata, nafuna kulipira masiku awiri okhawo, pamene wolera anakana mwana wina kuti amsungire malo.

Mwana wogona pakhomo sasowa tsiku ndi limodzi lomwe. Nthawi zambiri ndi wa mbale wa kumudzi, wobwera kudzaphunzira sukulu m'tauni. Makolo amalonjeza thumba la cimanga pokolola. Caka ca mvula yabwino thumba limafika. Mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikatha, mwanayo amadyabe, ndipo amadya ca ana ako. Apa ndipo pamayambira coipa cimene tonse taciona: mtsikana amene anabwera kudzaphunzira amayamba kutunga madzi, kutsuka mbale ndi kubereka khanda la mwini nyumba, sukulu nkuiwalika. Anabwera kudzaleredwa, wasanduka mlezi.

Malamulo amanenapo. Lamulo la banja la 2004, limene linakonzedwanso mu 2019, limazindikira banja lolandira mwana wamasiye kapena wotayika, ndipo bwalo la milandu ndilo limavomereza. Lamulo la maphunziro la 2018 limati mwana aliyense aphunzire kufikira kalasi 9. Lamulo lina la 2019 limaletsa kukwatitsa mwana wosafika zaka 18, ndipo limagwira womlera monga momwe ligwirira womubala.

Makolo athu pogawa ana amaitana malume ndi mboni. Ifenso, amene taphunzira kugwira pensulo, tingalembe papepala: mwana adzakhala miyezi ingati, cimanga cidzacokera kuti, makope adzagula ndani, akadwala adzamtengera ndani kucipatala. Mwana wa masana khadi lake la kusikelo limatsala kwa amake. Mwana wogona pakhomo abwere nalo khadilo, pamodzi ndi kalata yake ya kubadwa, cifukwa kucipatala ndi kusukulu adzafunsa womlera.