Wailesi ya M'galimoto ndi Mkangano wa Osunga Galimoto Zakale

Wailesi inayamba kufala m'galimoto mu 1930, pamene kampani ya Galvin ya ku Chicago inatulutsa Motorola 5T71, imene mtengo wake unkaposa madola 100 pa nthawi imene galimoto ya Ford Model A yatsopano inkagulidwa madola pafupifupi 500, ndipo patangopita zaka ziwiri Blaupunkt ya ku Germany nayo inatulutsa Autosuper AS 5. Mawailesi amenewa ankayendera mavalavu, omwe ndi timababu tagalasi tokulitsa mawu, ndipo popeza timababuto tinkafuna magetsi oposa kwambiri mavolti 6 a batire, m'mawailesi a zaka zotsatira munkakhala kachipangizo konjenjemera kotchedwa vibrator kothandiza kukweza magetsiwo, kamene kankayamba kung'ung'uza mavalavu asanatenthe n'kutulutsa mawu.

Zaka za m'ma 1950 n'zimene zinabala mawailesi amene osunga galimoto zakale amawasakasaka lero. Mu 1952 Blaupunkt inabweretsa FM m'galimoto, mu 1953 kunabwera Becker Mexico imene inkadzisakira yokha masiteshoni, ndipo mu 1955 Chrysler ndi Philco analengeza Mopar 914HR, yomwe inasiya mavalavu n'kuyendera ma transistor, tizipangizo tating'ono togwira ntchito yomweyo popanda kudikira kutentha. Nkhope ya wailesi ya nyengo imeneyo imasimba mbiri payokha, pakuti mawailesi a ku America a pakati pa 1953 ndi 1963 ali ndi tizizindikiro pa 640 ndi 1240, pamene boma linkauza anthu kuti atcherepo ngati nkhondo ya mabomba a nyukiliya itabuka. Wochotsa wailesi yotere amachotsa umboni umene sitiriyo yamakono, ngakhale imveke bwino chotani, singaubwezere.

Mkangano weniweni unadza ndi muyezo. Mawailesi akale ankamangidwa ndi timipini tiwiri totulukira pa mabowo a dashibodi, chikhalirecho muyezo wa ISO 7736, umene unakhazikitsidwa mu 1984 potengera muyezo wa DIN wa ku Germany, unafuna bowo limodzi la mamilimita pafupifupi 180 m'lifupi ndi 50 m'mwamba. M'zaka za kaseti ndi CD eni galimoto ambiri anacheka chitsulo cha dashibodi kuti sitiriyo yatsopano ilowe, ndipo kucheka kumeneko, komwe panthawiyo kunkaoneka ngati chitukuko, n'kumene akonzi a lero amavutika kuwotcherera ndi kupenta. Ku Germany, kumene galimoto yokwanitsa zaka 30 imatha kulandira nambala ya H kuyambira mu 1997, oyesa galimoto amayang'ana ngati zosinthidwazo zikugwirizana ndi nyengo ya galimotoyo.

Komabe okonda zamakono ali ndi mfundo zosati n'kuzinyoza. Galimoto zambiri za ku Britain zisanafike zaka za pakati pa ma 1960 zinkalumikiza mbali ya positive ya batire ku thupi la galimoto, zimene zimavutitsa woika zipangizo zatsopano, pamene mawailesi ambiri akale a ku Ulaya FM yawo imathera pa 104, ndipo Norway inazimitsa FM ya masiteshoni a dziko lonse mu 2017. N'chifukwa chake kwabadwa ntchito ya amisiri osiya nkhope ndi mabatani momwe zinalili n'kubisa Bluetooth mkati, njira imene ikuoneka yanzeru koposa chifukwa dashibodi imakhala yosachekedwa, ndipo mu 2020 Porsche inayamba kugulitsa wailesi ya PCCM yolowa m'bowo la DIN la galimoto zake zakale za 911.