Mfuti za Alenje Amanzere Zosakira Nyama Zikuluzikulu

Mfuti ya bolt ndi mtundu wa mfuti yomwe mlenje amalowetsa chipolopolo ndi kutulutsa chigoba chake pokoka ndi kukankha chitsulo chokhala ndi chogwirira, monga momwe munthu amachitira ndi mpiringidzo wa chitseko. Pafupifupi mfuti zonse zotere zili ndi chogwiriracho kumanja, ndipo chigoba chimalumphiranso kumanja. Zopangidwira anthu amanzere, zomwe zonsezi zimakhala mbali inayo, ndi zochepa kwambiri, makamaka zija za mphamvu zophera njati ndi njovu. Ku Tanzania nkhaniyi imamveka bwino chifukwa dzikoli ndi limodzi mwa malo otchuka pa ulenje wololedwa ndi boma. Alenje ambiri ochokera kunja amatsikira pa bwalo la ndege la Julius Nyerere ku Dar es Salaam ndi kudzera msewu wa Nyerere, m'mphepete mwa dera la Buguruni m'boma la Ilala. Pafupi pomwepo pali siteshoni ya TAZARA, komwe njanji imayambira ulendo wodutsa kumpoto kwa nkhalango ya Selous.

Kusowa kwa mfuti zimenezi kudayambira ku usilikali. Mfuti ya Mauser ya mu 1898, yomwe idapangidwa ku Germany, ndiyo kholo la mfuti zambiri zosakira nyama lero, ndipo idakonzedwa poganizira gulu la asilikali ophunzitsidwa mofanana, onse kuwombera ndi dzanja lamanja. Chimodzimodzinso mfuti ya Lee-Enfield .303 yomwe asilikali a King's African Rifles, kuphatikizapo a ku Nyasaland, ankanyamula. Makampani atayamba kupanga mfuti za ulenje adangotengera kapangidwe komweko. Ngakhale zipolopolo zotchuka za nyama zoopsa, monga .416 Rigby ya mu 1911 ndi .375 H&H Magnum ya mu 1912, zidalowa m'mfuti zamanja. Padapita zaka zambiri kuti wamanzere aganiziridwe: kampani ya Savage idatulutsa mfuti yake ya Model 110 yamanzere chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Remington 700, yomwe idatuluka mu 1962, idapeza mnzake wamanzere patapita zaka pafupifupi khumi.

Chifukwa chachiwiri ndi malonda. Mwa anthu khumi aliwonse, pafupifupi mmodzi ndiye wamanzere, ndipo mwa alenje onse ndi ochepa okha amene amasaka nyama zoopsa. Mfuti yamanzere siipangika pongosuntha chogwirira. Chitsulo chonse chosunga bolt, khomo lotulukira chigoba ndi thabwa lotsamira patsaya ziyenera kusemedwa mwatsopano. Komanso zipolopolo ngati .375 H&H ndi zazitali, kotero zimafuna chitsulo chachitali kuposa cha mfuti wamba. Kampani ikawerengera ndalama zokonzera makina poyerekeza ndi ogula ochepa chotere, imapanga mfuti zowerengeka kenako n'kusiya. Zotsatira zake n'zakuti wamanzere amadikira nthawi yaitali, amagula yogwiritsidwapo kale pa mtengo wokwera, kapena amalipira mmisiri kuti amupangire yakeyake.

Ena amati vutoli ndi lochepa, poti wamanzere angathe kuphunzira kuwombera ndi dzanja lamanja, monga momwe ana ambiri kwathu amakakamizidwira kudya nsima ndi kulemba ndi dzanjalo. Koma pa mfuti nkhani siili pa dzanja lokha. Munthu aliyense ali ndi diso lomwe limatsogolera polunjika, ndipo ngati ndi lamanzere, kusintha phewa kumasokoneza kulunjikako. Akasankha kutsamiritsa mfuti yamanja paphewa lamanzere, ayenera kudutsitsa dzanja pamwamba pa mfuti kapena kuitsitsa kuti alowetse chipolopolo china, ndipo chigoba chotentha chimadutsa pamaso pake. Chipolopolo chikaphulika molakwika, mpweya wamoto womwe udakonzedwa kuti utulukire kumanja umapita kumene kuli nkhope yake. Pochita masewera olasa chandamale kuchedwa kotere sikupha munthu, koma njati yovulala ikatembenuka m'tchire lowirira, chipolopolo chachiwiri chimafunika msanga. Komanso malamulo a Tanzania salola kusaka njati ndi njovu ndi mfuti yochepera .375, ndipo amaletsanso mfuti zodzilowetsa zokha zipolopolo.

Enanso amati pali njira zina, ndipo akunena zoona mbali imodzi. Mfuti ya mipope iwiri imathyoka pakati ndipo dzanja lililonse limaigwiritsa ntchito mosavuta, koma mtengo wake ndi woposa wa mfuti ya bolt kangapo. Ruger No. 1 siisankha dzanja, koma imatenga chipolopolo chimodzi chokha. Blaser R8 ya ku Germany ili ndi bolt yamanzere, koma nayonso ndi ya anthu a ndalama.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti ili ndi dandaulo la alendo olemera, losakhudza munthu wogulitsa pamsika wa Buguruni, komanso lokhudza ulenje womwe ambiri amadana nawo. Mkwiyowo uli ndi maziko: Selous, yomwe UNESCO idaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1982, idalembedwa kuti ili pachiopsezo mu 2014 chifukwa cha kuphedwa kwa njovu mozembera malamulo, ndipo mu 2019 gawo lake lalikulu lidasanduka paki ya Nyerere komwe ulenje suloledwa. Komabe mfuti zamphamvu sizinyamulidwa ndi alendo okha. Alonda a nyama ku Tanzania, m'chigwa cha Luangwa, ku Niassa ndi ku Malawi amatumizidwa kukathana ndi njovu, mvuu kapena njati yovutitsa midzi, ndipo amagwiritsa ntchito mfuti yomwe apatsidwa, pomwe pakati pawo palinso amanzere. Mfuti yosagwirizana ndi mwini wake imaika moyo wake pachiswe ndipo imachulukitsa mwayi woti nyama ingovulala n'kukavutikira kutchire. Mabungwe ogula zida za alonda ayenera kufunsa dzanja ndi diso la munthu asanamupatse mfuti yoti akakumane nayo ndi njati.