Agogo Aakazi Amene Anasunga Midzi ya ku Chintheche

Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Koma m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Chintheche, Bandawe ndi Kande, denga linasenzedwa zaka zambirimbiri ndi mitu ya amayi okhaokha, amuna ali kutali. Amayi amenewa ndi agogo amene lero akutha mmodzimmodzi, ena atapyola zaka 90, ataona adzukulu ndi zidzukulutudzi.

Mabuku a mbiri amakumbukira amuna amene anachoka. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, Atonga analandira sukulu ndi manja awiri, ndipo anyamata odziwa kuwerenga ndi kulemba anayamba kupita kukafuna ntchito ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo, ndipo anamwalira komweko ku South Africa mu 1951. J. van Velsen, katswiri amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, anapeza kuti amuna opitirira theka sanali pamudzi. Ena ankabwerako ndi njinga, masuti ndi makina osokera. Ena anasanduka matchona, ngakhale kalata osalemba.

Mtsikana wobadwa cha m'ma 1930 anakwatiwa m'nyengo imeneyi. Chuma chake chinali munda wa chinangwa, mbewu yosalira nkhokwe chifukwa imadikira mwini wake m'nthaka. Koma chinangwa chowawa sichidyedwa mwachibwana. Ankachikumba, kuchisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke, kuchiyanika padzuwa, kenako kusinja mumtondo mpaka ufa wa kondowole utatuluka. Kusenda ndi kusinja amayi ankachitira limodzi, lero kwa uyu, mawa kwa uja. Wopanda mwamuna wopalasa bwato ankalawirira kunyanja ndi mbale ya ufa kukasinthanitsa ndi usipa. Ana a mlamu wake wotchona ankadya mbale imodzi ndi ake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ameneyu sunali mwambi wokometsera nkhani pabwalo ayi, linali lamulo la pamafuwa.

Mayi yemweyo ndiye ankachezera usiku pamene mnzake akuchira, ndiye ankayamba kufika pasiwa ndi nkhuni pamutu. Ku mpingo wa CCAP anali mu Umanyano, gulu la amayi loyendera odwala ndi ofedwa. Chaka chikamatha ankasoka zovala za atsikana ovina chilimika, gule amene dzina lake m'Chitonga limatanthauza chaka. N'zodandaulitsa kuti ntchito zonsezi sizinalowe m'kaundula aliyense.

Pa 3 March 1959 asilikali anawombera khamu la anthu padoko la Nkhata Bay, limene linkafuna kuti andende a ndale amene anali m'sitima ya Mpasa amasulidwe. Anthu osachepera 20 anafa, ndipo misozi inafika m'midzi yambiri ya bomali. Mu April 1974 ndege inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa bungwe la Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno. Amuna ambiri anabwerera kwawo, napeza minda, ana ndi manda a makolo zili m'malo mwake.

Katundu wolemera koposa anadza mochedwa, msana utayamba kale kupindika. M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anatenga ana awo, aphunzitsi, asodzi ndi makalaliki omwe, amene anayenera kudzawaika m'manda iwowo. Agogo a zaka 60 anatolanso khasu ndi munsi, nayambanso kulera makanda. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, iwo ndiwo ankadzutsa ana amasiyewo m'mamawa, kuwawotchera chinangwa choti akadye popuma. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kugawidwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, pamene mabanja ambiri a ku Kande ndi Chintheche anali atatsala agogo ndi adzukulu basi.