Kale wokopa tinali kumuona akubwera

Mwezi watha msuweni wanga, amene amagulitsa ziboliboli pa msika wa Mukuni Park, ananditumira vidiyo pa WhatsApp. Mu vidiyomo iye akukambirana mtengo ndi mlendo wina. Akutchula K400 pa mvuu yosema, mlendo akukana, iye akutsitsa, kenaka akudandaula kuti chiyambire m'mawa sanagulitse kanthu ndipo kunyumba kulibe ufa. Vidiyoyo inali pa Instagram, pansi pake anthu a kutali akuseka. Funso la msuweni wanga linali limodzi: "Nanga anandikopa bwanji? Foni sanatulutse, manja onse awiri anagwira mvuu."

Kamera inali pankhope ya mlendoyo, m'magalasi amene anavala. Kuti timvetse chimene chasintha, tiyeni tibwerere m'mbuyo, pakuti dera lathu lino lakhala likukopedwa kwa zaka zoposa 100.

Pamene David Livingstone anafika pa Mosi-oa-Tunya pa 16 November 1855, m'bwato la Amakololo a mfumu Sekeletu, analibe kamera. Anangolemba ndi kujambula pamanja. Mu 1862 kunabwera azungu ena awiri, James Chapman wamalonda ndi Thomas Baines wojambula ndi utoto. Chapman ananyamula kamera. Kamera za masiku amenewo zinali mabokosi a matabwa oima pa miyendo itatu, zofuna mabotolo a mankhwala ndi malo a mdima, ndipo wokopedwa anali kuima chilili osagwedezeka. Zithunzi za Chapman za mathithi sizinatuluke bwino. Motero anthu a ku Ulaya anaona Mosi-oa-Tunya kudzera mu utoto wa Baines, umene unasindikizidwa ku London mu 1865. Kamera yoyamba kufika kuno inabwerera chimanjamanja.

Zinthu zinasintha njanji itafika mu 1904 ndi mlatho utatsegulidwa mu 1905, chaka chimene tauni ya Livingstone inayamba. Wokopa zithunzi Percy Clark anali atafika kale mu 1903, ndipo anadzatsegula sitolo kutsidya kwa Zambezi yogulitsa mapositikhadi ndi zosema kwa alendo. Mukayang'ana mapositikhadi a nthawi ya atsamunda, mudzapeza makolo athu akupalasa mabwato, akusenza katundu, akupera mapira. Maina awo simudzawapeza. Kamera anali kuiona bwino lomwe, bokosi lalikulu ndi mzungu atafunda nsalu yakuda, koma mphamvu yokana analibe.

Ife amene tinakula m'ma 1990 tikumbuka nyengo ina. Wokopa anali kubwera pa njinga Lamulungu, kuzungulira Maramba, Dambwa ndi Libuyu. Filimu yake inali ndi zithunzi 24 kapena 36, choncho sanali kuononga ngakhale chimodzi. Amayi anali kutisambitsa, kutidzoza mafuta, kutiveka zovala za Khirisimasi, ife n'kuima pafupi ndi maluwa kapena wailesi ya atate. Tinali kulipira, kudikira sabata, chithunzi n'kukhala chathu. M'mbiri yonseyi, imeneyo ndiyo nthawi imene wokopedwa anali bwana.

Kenaka kunabwera mafoni a kamera ndi intaneti. Pa 31 December 2011 chingwe cha bungee chinaduka pa mlatho wathu, mtsikana wa ku Australia n'kugwera mu Zambezi. Anapulumuka, ndipo m'masiku ochepa vidiyo yake inali pa matelevizioni a dziko lonse lapansi. Tinaphunzira kuti vidiyo yokopedwa pano imafika London msanga kuposa basi yopita ku Lusaka. Komabe foni ili ndi ulemu umodzi: mwini wake ayenera kuikweza m'mwamba. Ukaona dzanja likukwera, ungatembenuke, ungabise nkhope, ungakambe kuti "iwe, leka".

Magalasi a kamera achotsa dzanja limenelo. Google ndiyo inayamba kuwatchukitsa, pamene mu 2013 inagulitsa Google Glass pa madola 1,500. Anali kukopa vidiyo ya masekondi 10 pokhapokha mwini atawonjezera nthawi, ndipo anali kuoneka achilendo, ndi kagalasi kotulukira pamwamba pa diso. Anthu ku America anawada. Bala ina ku Seattle inawaletsa asanafike n'komwe m'masitolo, ndipo mu January 2015 Google inaleka kuwagulitsa kwa anthu wamba. Mu 2016 kampani ya Snapchat inayesa ndi Spectacles, nawonso a masekondi 10, koma ambiri anatsala m'nyumba zosungira katundu.

Facebook inaphunzira pa kugwa kwa anzake. Inagwirizana ndi opanga magalasi a Ray-Ban, ndipo mu September 2021 inatulutsa kamera yobisika m'magalasi ooneka ngati a munthu aliyense. Oyambawo, Ray-Ban Stories, anali kukopa masekondi 30. Mu October 2023 kunatuluka Ray-Ban Meta pa madola 299, ndipo ndi amenewa amene tayamba kuwaona pa msewu wa Mosi-oa-Tunya.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Pakona imodzi ya felemu pali kamera ya mamegapikiselo 12, yaing'ono ngati njere ya nyemba. Pakona inayo pali kagetsi koyera. Pa mwendo wa kumanja wa magalasi pali batani: ukadina kamodzi akopa chithunzi, ukadina mokhalitsa ayamba vidiyo. Ungathenso kuwalamula ndi mawu, kuyambira ndi "Hey Meta". Muli mamaikolofoni asanu, kutanthauza kuti mawu amamveka bwino, monga anamvekera madandaulo a msuweni wanga. Vidiyo imasungidwa m'magalasi momwemo, mu malo a 32GB, kenaka mwini amaisamutsira mu foni kudzera pa pulogalamu ya Meta. Akafuna, angaulutse pompopompo pa Facebook kapena Instagram, bola foni ikhale pafupi ndipo ikhale ndi bandulo.

Malire ake nawonso alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanatume wachibale wa kunja kuti akubweretsereni. Vidiyo imodzi inali kutha pa mphindi imodzi, mpaka mu 2024 pamene anaifikitsa pa mphindi zitatu. Ukwati kapena mpira wonse simungausunge ndi kudina kamodzi. Batire la mtundu wa 2023 limakhala pafupifupi maola anayi, ndipo mukamakopa vidiyo limatha msanga kuposa apo. Mumawatchaja m'kabokosi kake, kabokosiko nako kamafuna malaiti, ndipo nonse mukumbuka mmene malaiti anatichitira mu 2024 madzi atachepa ku Kariba.

Kamera yake imaona chotambalala koma siikoka chinthu chakutali. Njovu imene mukuiona bwino ndi maso mu paki ya Mosi-oa-Tunya idzaoneka ngati mbuzi. Vidiyo imatuluka choimirira, monga za TikTok. Mulibe sikirini yoonera chimene mukukopa, choncho mutu wanu ndiwo umalunjika: mukacheuka kuyankha moni, vidiyo nayo yacheuka. Usiku kapena m'nyumba ya mdima chithunzi chimachita mchenga. Ndipo madzi amangopirira odontha pang'ono, si onyowetsa thupi lonse. Amene anawolokapo mlatho wa Knife Edge mu April, mathithi atadzaza, adziwa kuti kumeneko munthu amatuluka ngati wagwera m'chitsime. Patapita zaka zoposa 160 chichokere Chapman, Mosi-oa-Tunya akali kuvutitsa makamera.

Koma musadalire malire amenewa kuti akutetezeni, chifukwa chaka ndi chaka akuchotsedwa. Masekondi 10 anakhala 30, kenaka mphindi imodzi, kenaka zitatu. Mu September 2025 Meta inatulutsa mtundu wina wa batire lofika maola asanu ndi atatu, komanso wina wa madola 799 wokhala ndi kasikirini mkati mwa galasi.

Chimene chatsala pakati pa inu ndi kamera ndi kagetsi koyera kaja, kamene kamayaka pamene akukopa. Kuyambira mu 2021, maofesi oteteza zinsinsi za anthu ku Ireland ndi ku Italy anafunsa ngati kagetsi kakang'ono chotere kangachenjeze munthu. Meta inakakulitsa, n'kukonza kuti magalasi akane kukopa ngati kaphimbidwa, koma anthu ena apeza kale njira zokazimitsira. Ndipo ngakhale kayake, ndani angakaone pa dzuwa la October muno mu Livingstone, maso ali pa kasitomala ndi pa ndalama? Mu October 2024 ophunzira awiri a pa yunivesite ya Harvard anaonetsa china choopsa. Analumikiza magalasiwa ndi pulogalamu yofufuza nkhope pa intaneti, n'kumadziwa maina ndi kumene amakhala anthu ongokumana nawo pa njira.

Zambia ili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, loteteza zokhudza munthu payekha. Koma mlendo akakwera ndege pa bwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, msuweni wanga adzamutsata ndi chiyani? Chimene anakwanitsa n'kudandaula kwa Instagram, ndipo pamene ndikulemba vidiyo ikalipo.

Sindikukamba kuti magalasiwa ndi oipa. Wotsogolera alendo pa bwato angakope manja ali pa nkhafi, makanika angaonetse ophunzira ake mmene akumasulira injini, ndipo kwa munthu wosaona amatha kuwerenga zolembedwa ndi kumuuza zimene zili patsogolo pake. Tauni yathu imadya za alendo, ndipo vidiyo yabwino imatibweretsera ena.

Ku wailesi kumene ndimathandizira, tsiku loyamba anatiphunzitsa chinthu chimodzi: usanayatse chojambulira mawu, tchula dzina lako, kamba kumene mawuwo akupita, ndipo funsa ngati munthu walola. Akakana, zimitsa. Palibe batani pa makina limene limatikakamiza kutero, ndi mwambo chabe. Achinyamata amene mudzagule magalasiwa, ndipo mitengo ikatsika mudzagula, mwambo umenewu muutenge. Inu otsala, mukaona magalasi a felemu yonenepa okhala ndi timaso tiwiri m'makona, funsani mosaopa. Makolo athu a pa mapositikhadi analibe mpata wofunsa, ife tili nawo.

Msuweni wanga walemba kachikwangwani pa tebulo lake, m'Chingelezi ndi m'Chinyanja, kopempha kuti munthu ayambe wafunsa asanakope. Akuti sabata yatha mlendo wina anakawerenga, anavula magalasi n'kuwaika m'thumba, ndiye anayamba kukambirana za mtengo wa mvuu.