Mawati Ochepa Adadzaza Holo: Mbiri ya Ampulifaya ya Mavalavu ndi Sipika Yake

Munthu akafuna kugula bokosi la zipangizo kuti adzilumikizire yekha ampulifaya ya mavalavu, kawirikawiri amagwa mphwayi akaona nambala imodzi: mawati 8, mwinanso 3 okha. M'sitolo muli zina zolembedwa mawati 100 kapena 200, nanga kanthu ka mawati 8 n'ka ntchito yanji? Funsoli ndi la anthu amene adakula akukhulupirira kuti ukulu wa mawu uli mu ampulifaya. Chikhulupiriro chimenechi si chakale kwenikweni. Kwa zaka pafupifupi 30, kuyambira chakumapeto kwa m'ma 1920, mtolo waukulu unkasenzedwa ndi sipika, ndipo womanga ampulifaya ya mavalavu lero akaiwala zimenezi amataya ndalama zake pachabe.

Nkhaniyi idayambira m'nyumba zoonetsera kanema za ku America. Valavu yokuza mawu idachokera ku Audion ya Lee de Forest ya mu 1906, ndipo mu 1925 Chester Rice ndi Edward Kellogg a kampani ya General Electric adafotokoza kapangidwe ka sipika ya koilo ndi maginito imene tikugwiritsabe ntchito. Koma filimu yolankhula itatchuka ndi The Jazz Singer mu 1927, akatswiri adapezeka ali pa vuto: holo ya anthu mazanamazana, ampulifaya ya mawati owerengeka. Popeza mawati adali odula, nzeru zonse adaziika pa sipika, naipanga ngati lipenga. Mpweya ndi chinthu chopepuka, moti kachipepala ka sipika kakamanjenjemera pambalambanda, mphamvu yochuluka imangosanduka kutentha mu koilo, ndipo yosanduka mawu nthawi zambiri sifika ngakhale gawo limodzi pa 100. Lipenga limapanikiza mpweya pakhosi pake popapatiza n'kumautulutsa pang'onopang'ono kukamwa kotambalala, choncho mphamvu yomweyo imabala mawu ochuluka kambirimbiri. Zimkuzamawu zomwe timaziona pamisonkhano ndi pamwamba pa mizikiti zimamveka patali pa chifukwa chomwechi. Chapakati pa m'ma 1930, Douglas Shearer wa situdiyo ya MGM adatsogolera ntchito yokonza lipenga latsopano la m'makanema mothandizidwa ndi James B. Lansing, ndipo mu 1938 kampani ya Western Electric idatulutsa valavu ya 300B, imene ikakhala yokha imapereka mawati pafupifupi 8. Mu 1946 Paul Klipsch wa ku Hope, m'boma la Arkansas, adalowetsa nzeruyi m'nyumba za anthu ndi Klipschorn, lipenga lopindapinda loikidwa pangodya kuti makoma awiri a chipinda alipitirize. Likupangidwabe mpaka lero.

Mwambo wodzimangira wekha udakula nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, pamene zipangizo zotsala kwa asilikali zinkagulitsidwa motchipa ndipo anyamata ambiri adabwerako akudziwa za wailesi. Kampani ya Heath ya ku Benton Harbor, Michigan, idayamba kugulitsa mabokosi ake a Heathkit mu 1947. Chaka chomwecho magazini ya ku Britain ya Wireless World idasindikiza pulani ya D. T. N. Williamson ya ampulifaya ya mawati 15, ndipo mu 1954 kampani ya Mullard idatulutsa ya mavalavu asanu ndi mawati 10. Nthawi imeneyo waya aliyense ankalumikizidwa ndi manja, motero gawo lalikulu la mtengo lidali la ntchito ya munthu. Wogula bokosi ankasanja marezisita patebulo malinga ndi mizere ya mitundu yake, kusungunula mtovu pa mfundo iliyonse, n'kuchonga m'buku la malangizo akamaliza sitepe imodzi. Stereo 70 ya Dynaco, imene David Hafler adaitulutsa mu 1959 ndi mavalavu anayi a EL34 ndi mawati 35 mbali iliyonse, idagulidwa koposa 300,000.

Mawati 35 amenewo akusonyeza kuti mphepo idali itayamba kale kutembenuka. Mu 1954 Edgar Villchur wa Acoustic Research adatulutsa AR-1, kabokosi kotsekeka kotheratu kogwiritsa mpweya wa m'kati ngati sipuling'i, ndipo kankatulutsa besi yakuya ngakhale kadali kakang'ono. Malipiro ake adali njala ya mawati. Malekodi a sitiriyo atafika mu 1958, aliyense adafunika masipika awiri, ndipo si banja lililonse likadalola zimphona ziwiri pabalaza. Kenako tiranzisita idatchipitsa mawati, mafakitale nayamba kulumikiza zida ndi makina, ndipo phindu lodzimangira lidatha. Heath idasiya malonda a mabokosi aja mu 1992. Josef Anton Hofmann wa kampani ya KLH amakumbukiridwa ndi lamulo lofotokoza bwino zimene zidachitikazi: pa zinthu zitatu, bokosi laling'ono, besi yakuya ndi kusadya magetsi, munthu angatenge ziwiri zokha.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti mawu akwere ndi madesibelo 3, mawati ayenera kuwirikiza kawiri. Sipika yamasiku ano yotulutsa madesibelo 86 pa wati imodzi, poyeza pamtunda wa mita imodzi, imafika pa 95 ikapatsidwa mawati 8. Ya madesibelo 98 imafika pa 107 ndi mawati omwewo, pamene yoyamba ija ingafune mawati 128 kuti ifikepo. Amene amati 300B ndi yofooka nthawi zambiri amakhala ataimangirira ku sipika ya m'badwo wina.

Pali otsutsa, ndipo mfundo zawo si zopanda pake. Amati malipenga ena amamveka ngati munthu akulankhulira m'mphuno, kuti ndi aakulu ndi odula, komanso kuti ampulifaya ya matiranzisita yotchipa imaposa ya valavu imodzi ikayezedwa ndi makina. Zoyezazo n'zoona, ndipo palibe chifukwa chozikanira. Mawu a m'mphuno ndi vuto la malipenga osapangidwa bwino, osati onse, koma ukulu wokha sungathawike. Ngakhale zili tero, okonda nyimbo a ku Japan amene adadzutsanso mavalavu akale a Western Electric m'zaka za m'ma 1970 adazindikira chinthu chimene otsutsa amachilumpha: adasakasakanso malipenga akale a m'makanema, podziwa kuti valavuyo imamveka bwino ikamagwira ntchito mosapanikizika, pa wati imodzi kapena ziwiri. Wofuna kabokosi ka pashelefu agule matiranzisita, salakwa. Wolakwa ndi wosakaniza mibadwo iwiriyi kenako n'kumaimba mlandu valavu.

Choncho musanaitanitse bokosi la zipangizo lija, yesani chipinda chanu ndipo onani nambala ya madesibelo pa sipika. Pa mawati osakwana 10 funani ya 95 kapena kuposa, ndipo ma ohm ake agwirizane ndi potulukira pa thiransifoma ya ampulifaya, kaya 4, 8 kapena 16. Musayatse ampulifaya sipika isanalumikizidwe, chifukwa thiransifoma ingapse, ndipo musapise dzanja m'kati mutangoizimitsa: makapasita ake amasunga mavoti mazana angapo, okwanira kupha munthu.