Fakitale idatsekedwa kale, nanga wisiki wake akuchokera kuti?

FUNSO: Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Edinburgh wandibweretsera botolo la wisiki lolembedwa Cambus, wa zaka 30. Akuti fakitale yake idatsekedwa kalekale. Zitheka bwanji mowa kuchokera kumene sakutchezanso? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Bambo, mwana wanu sanakunamizeni. Cambus inali pafupi ndi tauni ya Alloa ku Scotland, ndipo idasiya kutcheza mu 1993. Koma lamulo la kumeneko limati mowa uyambe wagona m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera 3 usanatchedwe wisiki, ndipo migolo ina imagona zaka makumimakumi. Choncho moto utazima pafakitale, migolo yodzaza idatsala mosungira. Amalonda amagula migoloyo n'kumathira m'mabotolo pang'onopang'ono.

Wisiki wa ku Cambus ndi wa mtundu umene eni ake amautcha grain, wotchezedwa kuchokera ku chimanga kapena tirigu, n'kuikamo chimera pang'ono cha balere. Wotcheza kachasu amadzaza mphika, akatcheza amakhuthula n'kuyambanso. Mowa uwu ayi. Umadutsa m'makina aatali amene Aeneas Coffey wa ku Ireland adalembetsa mu 1830, otcheza usana ndi usiku osapuma. Umatuluka wopepuka komanso wotchipa, ndipo ntchito yake inali kusakanizidwa ndi wisiki wa chimera chokhachokha. Otcheza wa chimerawo ankaunyoza kuti si wisiki konse, mpaka komiti imene boma la Britain lidakhazikitsa idagamula mu 1909 kuti nawonso ndi wisiki.

M'zaka za m'ma 1980 wisiki adachuluka kuposa omugula, mafakitale n'kuyamba kugwa: Carsebridge mu 1983, Caledonian ya ku Edinburgh komweko mu 1988, kenako Cambus.

Chimene chimandikhudza ine n'chakuti mowa wonyozekawu ndi umene zaka zimaukomera kwambiri. Poti ndi wopepuka, umayamwa bwino kukoma kwa thabwa. Migolo yambiri idasungapo kale bourbon, wisiki wa ku America, ndiye mukanunkhiza mumamva vanila, kokonati ndi shuga wopserera. Pakamwa umamveka wofewa, wonona, wosawotcha kukhosi. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti ya mowa wa mumgolo imauluka kudzera m'thabwa, moti pofika zaka 30 mgolo umakhala utaphwa kwambiri. N'chifukwa chake mtengo wake umakwera, poti wina wolowa m'malo palibe.

Chonde musausakanize ndi zakumwa zotsekemera. Thirani pang'ono m'tambula, donthezani madzi madontho awiri kapena atatu, dikirani kamphindi, nunkhizani, kenako lawani. Musavutikenso kuusunga poganiza kuti ukalamba, chifukwa ukalowa m'botolo zaka zake zimaima pa 30 pomwepo.